Pepala la Edinah la Chidindo Chagolide

Mu Dubai monse muno, kuyambira ku Deira mpaka ku Jebel Ali, mulibe Mmalawi wodziwa za mabanki kuposa ine Jailosi. Mamanejala akafuna kukweza chiwongoladzanja amayamba aimbira ine, ndipo akamva kuti ndili kubafa amadikira ataimirira. Tsiku lina ndinayetsemula pafupi ndi makina otapira ndalama, madzulo ake dola inagwa.

Chabwino, ndanama. Ndine mlonda. Ndimakhala pa desiki pansi pa nyumba ina yosanja ku Jumeirah Lake Towers, maola khumi ndi awiri, kulemba mayina a alendo ndi kuloza anthu kumene kuli lifiti. Za mabanki zimene ndimadziwa n'zakuti malipiro amalowa pa 28, pa 29 apita. Ndipo nkhani ino si ya ine. Ndi ya Edinah, mwana wa mlongo wanga, amene ankalera ana m'nyumba ina ku Al Twar.

Edinah anabadwa ndi mantha. Azamba a pachipatala cha kwathu ku Mponela amanena mpaka lero kuti mwanayo atatuluka anayang'ana uku, anayang'ana uku, n'kufuna kubwerera. Ali mtsikana ankaopa atsekwe, ankaopa mlatho, ankaopa aphunzitsi ngakhale pa holide. Sukulu analekezera Fomu 2. Anagulitsa tomato pamsewu wa M1 zaka zisanu, ndipo tomato aliyense ankamupukuta ndi kansalu ngati akupita naye ku ukwati. Mwamuna wake anapita ku Joni kukafuna ntchito, anaimba foni kawiri, kachitatu sanaimbe. Anamusiyira mwana mmodzi, Mabel. Ndiye mu 2014 munthu wamantha uja anakwera ndege, maso ali chitsinzinire kuyambira ku Lilongwe mpaka ku Addis, n'kubwera kuno kudzatsuka mbale za eni.

Mabwana ake anali anthu abwinobwino. Bwana wamwamunayo ankagwira ntchito ku kampani ya ndege, n'chifukwa chake ankakhala ku Al Twar, kumene ndege zimadutsa pamwamba pa denga moti mukhoza kuwerenga misomali ya kumimba kwake. Madamu anali wolongolola koma wosamana chakudya. Ana atatu. Edinah ankalandira madiramu 1,500. Ambiri ankatumiza kumudzi kwa mayi ake ndi Mabel, koma mwezi uliwonse, kugwe mvula kuwale dzuwa, 300 inkalowa m'chitini cha mkaka wa ana pansi pa bedi. Sankagula pafyumu, sankagula wigi. Lachisanu, limene linali tsiku lopuma kuno, tikatuluka m'tchalitchi n'kupita kukamwa tiyi wamkaka wotchedwa karak ku Al Muraqqabat, iye ankaitanitsa kapu imodzi, n'kumaiyang'ana ngati imubwezera diramu yake.

Bwana wake atatulukira za chitini chija anagwira mutu. Anamulembera kalata, anamutengera ku banki ina ku Al Muraqqabat komweko, n'kumutsegulitsa fikisidi. Kwa osadziwa: umapereka ndalama zako, a banki amazitsekera chaka chathunthu, n'kukupatsa pepala lonena tsiku lodzatenga ndi kaphindu kamene adzaikepo pamwamba. Chaka chikatha umapita kukawonjezera zina, n'kutsekanso. Pofika mu Malichi 2020 pepala la Edinah linkati 22,000. Zaka zisanu ndi chimodzi za matewera. Cholinga chinali chimodzi: poloti pa Mponela, nyumba ya zitseko zinayi, zitatu za lendi, chimodzi chake ndi Mabel, ndiyeno osadzatsukanso mbale ya munthu.

Tsiku lokatsekanso fikisidi linafika pakati pa Malichi, matenda aja atayamba kumveka paliponse. Edinah anandipempha kuti ndimuperekeze. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndinavala jekete, chifukwa ku banki munthu sapita ngati akupita kudimba.

Mtsikana wa pa kauntala, Mfilipino wovala magolovesi, anagogoda kompyuta n'kunena kuti chaka chikubwerachi phindu likhala madiramu 150.

"Chaka chatha munandipatsa 400," anatero Edinah, mawu ali pansipansi.

"Zatsika, madamu."

Apa ndi pamene ine ndinalowererapo. Ndinatsamira pa kauntala monga ndimachitira ndikamagula nsapato kumsika wa Naif.

"Mlongo, tiyeni tikambirane bwinobwino. Onjezerani pang'ono. Ndi kasitomala wanu wakale uyu. Tipangeni 350, tisakangane."

Anandiyang'ana ngati ndamupempha impso.

"Bambo, kuno si kumsika. Banki yaikulu ya dziko yatsitsa kawiri mwezi uno wokha, ndipo ife tinauzidwa polekezera. Pali malire. Ngakhale manejala sangawadumphe. Yendani msewu wonsewu, banki iliyonse ikuuzani zofananazo. Khalas, nkhani yatha."

Kaya linali lamulo lolembedwa, kaya anali mawu a akuluakulu ake, ine sindikudziwa mpaka lero. Chimene ndinamva n'chakuti 22,000 igone chaka chonse m'nyumba ya eni n'kubereka mtengo wa nsapato. Magazi anandiwira. Ndinauza Edinah kuti asasayine kanthu, atulutse zonse, malume ake ali ndi nzeru ina.

Nzeruyo inali m'mwamba mwa nyumba imene ndimalondera, pa nsanjika ya nambala 23. Panali kampani ina ya zandalama, ndipo mmodzi mwa otsatsa malonda ake anali Rodney, Mmalawi mnzathu wa ku Chilomoni. M'mawa uliwonse ankadutsa pa desiki yanga atavala suti, akununkhira ngati shopu yonse ya pafyumu yamugwera, n'kundisiyira kapu ya tiyi. "Madala, mwadzuka? Yalla, tiyeni tikapange ndalama!" Ofesi yawo ndinali nditaiona. Kapeti yomira nayo mpaka m'mawondo. Nsomba zamitundumitundu zikusambira m'galasi lalitali ngati minibasi. Makoma onse matelevizhoni a mizere yofiira ndi yobiriwira. Munthu ukalowamo unkayamba kupepesa osalakwa.

Masana omwewo tinakhala atatu pa kafe ya m'mbali mwa nyanja yokumba imene ili pafupi ndi nyumbayo. Rodney anatulutsa pepala lake, lolimba ngati chikuto cha buku, pakona pali chidindo chagolide. Iwonso amalitcha setifiketi ya dipoziti. Asanu pa 100 aliyense, osati pa chaka, pa mwezi. Pa ndalama za Edinah ndiye kuti 1,100 mwezi uliwonse.

Edinah sanalikhudze pepalalo. Manja anali pamiyendo.

"Achimwene, a banki aja akuti pali malire. Nanga inu malire anu ali pati?"

"Sisi, malire amenewo ndi a mabanki," Rodney anaseka. "Anawamanga manja. Ife si banki, ndiye lamulo limenelo silitifika n'komwe."

Mawu amenewa ine ndinawamva ngati nyimbo. Edinah anawamva mwina, chifukwa anatembenukira kwa ine maso ali tong'o.

"Malume, ine zikundiopsa."

"Iwe chimene sichikuopsa n'chiyani? Unathawa galu wa pachithunzi iwe. Tamvera. Banki m'khonde ya amayi ako kumudzi imabereka zingati pa mwezi?"

"Twente pa 100."

"Twente! Ndipo ofesi yawo ndi mphasa pansi pa mtengo wa mango, sefa yawo ndi bokosi la maloko atatu. Awa ali ndi nsomba m'galasi, ndipo akungoti faifi. Ndiye kuti akudziletsa, ndi anthu aulemu. Chachilendo si faifi wa awa, chachilendo ndi nsapato za a banki zija."

Mmalawi aliyense akanamva masamu amenewa akanagwedeza mutu kuvomera. Tinakulira kumene ndalama imabereka ngati mbira, ndiye phindu laling'ono timaliona ngati chipongwe, lalikulu ngati chilungamo. Komabe Edinah sanakhudze cholembera. Ndiye ndinatulutsa mfuti yaikulu, imene ndikanayenera kuisiya m'thumba.

"Kodi mwini mbumba ndani pano? Amayi ako anakupereka m'manja mwa ndani?"

Kwathu malume akafunsa choncho, nkhani yatha. Anatenga cholembera. Siginecha yake inaoneka ngati mapazi a nkhuku.

Sabata isanathe ndege zinaima.

Inu amene munali kuno mukukumbukira. Misewu ya mizere isanu ndi umodzi inangoti zii, moti ukanatha kuyanikapo ufa. Sitima ya Metro inatsekedwa. Kuti upite kukagula buledi unkayenera kupempha pemiti ya apolisi pa foni. Magalimoto ankayenda akupopera mankhwala m'misewu yopanda munthu. Ku nyumba za kampani kumene timagona asanu ndi mmodzi m'chipinda, munthu akatsokomola kamodzi enafe tinkayamba kumutsanzika. Basi inkabwera kudzatenga amene apezeka ndi matendawo, ndipo bedi lake linkatsala ndi bulangete lopindidwa likutiyang'ana.

Ku Al Twar madamu anakhoma geti n'kusunga kiyi m'chikwama. Edinah sanapondenso pamsewu. Ankatsuka chilichonse cholowa m'nyumbamo ndi sopo, nthochi imodziimodzi, mazira, ngakhale paketi ya sopo yomwe. Manja anasupuka. Koma chimene chinkamuopsa kwambiri, anandiuza pa foni, chinali bata. Zaka zisanu ndi chimodzi anagona ndi phokoso la ndege pamutu. Tsopano kumwamba kunali chete, ndipo bwana, amene ndegezo zinkamudyetsa, ankangoyendayenda m'nyumba ndi kabudula, foni kukhutu, akulankhula motsitsa.

Ankandiimbira tsiku lililonse cha m'ma 2 koloko masana ana akagona. Funso linali limodzi.

"Malume, a pa 23 alipo?"

Mu Epulo ndinkayankha ndi mtima wonse, chifukwa pa 19 meseji inalowa pa foni yake: 1,100 yawonjezeredwa. Sinali ndalama yogwira m'manja, anali malemba chabe, koma ine ndinavina pa desiki mpaka kamera inandijambula. Ndinamuuza kuti akayambe kusankha mtundu wa malata.

Mu Meyi, mkati mwa Ramadani, Lachiwiri lina masana, kunabwera amuna asanu ndi ngolo zokankha. Anali ndi chikalata chotulutsira katundu, chodindidwa bwinobwino ndi ofesi ya nyumbayo. Ntchito yanga ndi kuona chidindo, kusayina, n'kutsegula lifiti ya katundu. Ndinaona nambala: 23. Ndinasayina. Ndi dzanja langa lomweli.

Anatsitsa mipando. Anatsitsa matelevizhoni atawakulunga m'mabulangete. Pomaliza anatsitsa galasi la nsomba lija, louma, muli timiyala tokha tikugubuduka.

"Bhai, akusamukira kuti?" ndinafunsa mmodzi, poti kuno mwamuna aliyense timamuitana bhai, kutanthauza m'bale.

Anakweza mapewa. "Kosungira katundu, bhai. Al Quoz."

Ndinaimbira Rodney. Foni yozima. Ndinalemba pa WhatsApp, kachizindikiro kamodzi kotuwa. Ndinalembanso, kamodzi komweko. Ndinatenga kamfuti koyezera kutentha kamene tinkaloza nako alendo pamphumi, ndinadziloza ndekha, chifukwa thukuta linkatsika mpaka m'masokosi pamene makina oziziritsa anali kuomba. Kanati 36.4. Ndinalakalaka kakanati 40, basi ija idzanditenge, ndikagone kumene foni sizilowa.

2 koloko inakwana.

"Malume, a pa 23 alipo?"

"Alipo, mwana wanga. Akukonza ofesi. Akuika mipando yatsopano."

Bodza loyamba limenelo linatuluka lokha, ngati kutsokomola. Ine bodza ndi luso langa kuyambira ubwana, koma mabodza anga onse akale anali oti anthu aseke. Ili linali loti munthu agone tulo.

Pa 19 Meyi meseji sinabwere. Ndinati makompyuta awo ali pa holide ya Idi. Idi itatha ndinati onse akugwirira ntchito kunyumba. Atafunsa chifukwa chake Rodney sakuyankha, ndinati ali ku Abu Dhabi kukawerenga ndalama, ndipo pamalire sakulola munthu kudutsa osayezetsa. Atafunsanso sabata yotsatira, ndinati ndalamazo zafika koma zili pa kwalantini.

"Ndalamanso zimalowa kwalantini?"

"Kwambiri! Ndalama imagwiridwa ndi manja angati? Amaziika m'chipinda chozizira masiku khumi ndi anayi, iliyonse payokhapayokha, motalikirana mamita awiri."

Kenako anati, "Chabwino, malume," ndi mawu omwe aja a pa kafe.

Maofesi atayamba kutsegulidwa, anthu anayamba kubwera. Nesi wa ku Kerala atavala yunifolomu. Dalaivala wa takisi wa ku Pakistan. Mayi wa ku Uganda wogwira ntchito m'nyumba ngati Edinah. Aliyense ali ndi pepala lolimba lija, chidindo chagolide chikung'anima. Ine ndinkawaloza kamfuti pamphumi, n'kuwauza mawu amene akuluakulu a nyumbayo anatipatsa: pa 23 palibe munthu, kadandauleni kupolisi. Dalaivala uja sanakuwe. Anangokhala pansi pa matailosi, n'kuvula nsapato, n'kumaziyang'ana. Nesi uja anandifunsa ngati boma libweza, poti ku banki ndalama za anthu zimatetezedwa. Mnzanga wa pa desiki anayankha kuti, "Koma awa sanali banki." Ndinamva mawu a Rodney akubwerera ngati chakudya chowola. Lamulo limene linkaletsa a banki kutipatsa zambiri ndi lomwe linkawayang'anira usana ndi usiku. Kumene silinkafika, kunalibenso wotiyang'anira.

Tsiku lina nthawi yopuma ndinakwera ndekha. Dzina la kampani linali litamatulidwa pa chitseko, patsala guluu yekha wooneka mawonekedwe a malemba. Ndinasuzumira pagalasi. Nthambo zinkatuluka pansi ngati mizu ya chinangwa. Ndinatsika pa masitepe nsanjika zonse makumi awiri ndi zitatu nditagwira khoma.

Kupolisi ndinapita kawiri. Kawiri konse ndinafika pageti n'kubwerera. Ndinkaona chikalata chija chili ndi siginecha yanga, ndinkaona wapolisi akufunsa kuti anabweretsa mtsikanayu kwa anthu amenewa ndani, ankamwa tiyi wawo m'mawa uliwonse ndani. Kuno ntchito ikatha, viza yatha, munthu watha. Ndipo kuposa apolisi ndinkaopa mlongo wanga ku Mponela, amene Lamlungu lililonse ankanditumizira mawu pa foni: achimwene, zikomo posamala mwana.

Kumapeto kwa Juni chimene Edinah ankachimva m'bata lija chinafika. Bwana anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzake mazanamazana. Banja lonse linkabwerera kwawo pa 31 Julaye. Madamu analira, anamupatsa madiresi asanu ndi poto wamagetsi, koma viza inayenera kufafanizidwa basi. Tikiti analonjeza kugula, koma tikiti yopita kuti? Bwalo la ndege la kwathu linali lotseka. Ndiye kuti Edinah anayenera kukapeza bedi la lendi ku Al Muraqqabat, m'chipinda cha akazi asanu ndi atatu, 600 pa mwezi, kudya zake, kudikira ndege imene palibe ankadziwa tsiku lake.

"Malume, ndikufuna ndalama zanga," anatero. "Phindu lisiyeni, adye okha. Ndikufuna 22,000 yanga yokha. Ndilipire bedi, zotsalazo ndikagule poloti. Auzeni."

"Ndiwauza mawa m'mawa. Inshallah, sabata ino zitheka."

"Mwanena inshallah ngati madamu akamakana."

Ndinaseka. Iye sanaseke.

Masabata anayi amenewo ndinaonda moti lamba wa yunifolomu ndinaboola mabowo awiri atsopano, ndipo mthunzi wanga unkandisiya m'mbuyo posandizindikira. Ndinati fomu yotulutsira ndalama yasayinidwa. Ndinati yatsala siginecha ya bwana wamkulu. Ndinati bwana wamkuluyo wathyoka dzanja lolembera. Tsiku lililonse ndinkalumbira kuti mawa ndimuuza zoona, ndipo mawa likafika pakamwa pankatuluka zina.

Lachitatu la sabata yomaliza ya Julaye foni inalira 11 koloko m'mawa. Si nthawi yake. Ndinayang'ana dzinalo kanayi ndisanayankhe.

"Malume, muli pa ntchito?"

"Ndili pa desiki pompano, mwana wanga, ndikuteteza chuma cha dziko."

"A Rodney abwera lero?"

Ndikanati sanabwere. Zinali zophweka. Koma mantha akandigwira, lilime langa limathamanga lokha.

"Abwera! Wangodutsa pompano, mphindi zisanu sizinathe. Suti yabuluu, nsapato zonyezimira moti ndinadzionerapo ndevu. Wanenepa, Abu Dhabi yamukonda. Wanyamula chikwama chachikulu chakuda, cholemera, mpaka ndamuthandiza kuchikweza mu lifiti. Ndinamufunsa kuti muli chiyani umu, akuti madala, muli za mphwanu."

"Wanena choncho?"

"Ndi pakamwa pake. Akuti Lamlungu zikhala zili m'manja mwako, zatsopanotsopano, zonunkhira."

"Ndiye wakwera m'mwamba."

"Wakwera. Panopa ndiye kuti wakhala pa mpando, akuwerenga."

Kumbali yake kunamveka phokoso lachilendo, ngati chitsulo chikukhwekhwereza pa simenti, ndi mawu a mwamuna akuimba nyimbo ya Chihindi chapansipansi. Ku Al Twar kulibe phokoso lotero.

"Uli kuti kodi?" ndinafunsa.

"Bwana amapita kukagulitsa galimoto, ndiye ndinawapempha andidutsitse. Andisiya kumalo oimika magalimoto, pansi. Ndakwera lifiti ya kumeneko." Anapuma. Mawu ake sankanjenjemera ngakhale pang'ono, ndipo m'moyo wanga wonse ndinali ndisanawamve ali choncho. "Ndili pa 23, malume. Chitseko n'chotsegula. Muli bambo mmodzi pa makwerero akupaka penti. Akuti muno simunalowe munthu chichokereni Ramadani."

Ndinatembenuka n'kuyang'ana chitseko cha lifiti.

"Koma poti mwati wangokwera kumene ndi chikwama changa, ndiima pompano pa lifiti ndimudikire. Kapena mukwera ndinu?"